Masilipasi Amene Ndinatola pa Bwalo la Kiriketi

Linali Lachisanu, nthawi ili teni pasiti faifi madzulo, pamene ndinawerama n'kutola silipasi yoyamba. Nthawiyo ndikuikumbukira bwino chifukwa dzuwa linali litangolowa, ndipo kuitanira mapemphero kunali kutangomveka pa mzikiti wa kuseri kwa magalaja. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ku Doha ndinali nditakhala milungu isanu ndi iwiri yokha. Kwathu ku Chiradzulu anthu ankanditenga ngati munthu wamkulu chifukwa ndinali ndi mwana, Mphatso, amene ndinamusiyira amayi atangoyamba kuyenda. Koma ndikakumbuka lero, ndimaona kuti ndinali mwana ndithu, mwana wobereka mwana mnzake kumsana.

Ntchito imeneyi inali yanga yoyamba. Ndinkalera khanda la miyezi khumi, dzina lake Safa, m'nyumba ya pansanjika yachinayi ku Al Sadd. Makolo ake anali ochokera ku India. Abwana ankagulitsa mankhwala m'sitolo ina pafupi ndi siteshoni ya sitima za metro, ndipo Madamu anali namwino pa kiliniki. Dzina langa, Tiyamike, linkawavuta, choncho ankangoti Tiya. Sanali anthu oipa. Ndinkadya chomwe iwo adya, ndipo Lamlungu lililonse ankandibwereka foni kuti ndimve mawu a Mphatso. Koma ine ndinkawaopa. Sukulu ndinalekera Sitandade faifi, Chizungu changa chinali chochepa, ndipo chochepacho chinkandithawa Madamu akangondiyang'ana. Manyazi ndinabadwa nawo. Ndili wamng'ono, mlendo akabwera kwathu ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe mpaka apite.

Chimene chinkandiopsa kwambiri ndinachiona tsiku limene ndinafika. Ku ofesi ya ajenti amene anatipezera ntchito kunali chipinda cham'kati chopanda mipando. M'menemo munakhala atsikana anayi pansi, osayankhulana. Ndinafunsa mnzanga wina kuti akudikira chiyani. Anandiuza kuti amenewo ndi obwezedwa. Miyezi yoyamba ndi yoyeserera, ndipo bwana akapanda kukhutira nawe amakubweza ku ofesi. Ena amawapezera nyumba ina, ena amawakweza ndege kubwerera kwawo. Chipinda chimenecho sichinkachoka m'maso mwanga. Ndinkadzifunsa kuti ndikabwerera kumudzi miyezi iwiri isanathe, amayi ndikawauza chiyani, ndipo Mphatso ndikamudyetsa chiyani.

Sabata yoyamba anandikalipira kamodzi kokha, koma kanandikwanira. Ndinali kutsuka mbale, Safa n'kukwawira kukhomo, kumene anapeza silipasi ya Abwana n'kuyamba kuiyamwa. Anamupeza ndi Madamu. Mawu onse sindinawamve, koma chala chawo chinandiuza zonse: chilichonse cha pansi chimene mwana angaike m'kamwa chizichotsedwa msanga. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona nsapato pansi manja anga ankapita okha. Ndinkaziika ziwiriziwiri, zala zitaloza kukhoma.

Lachisanu lija, titadya nkhomaliro, Madamu anandiuza kuti ndikonze chikwama cha mwana, tikukaonera kiriketi. Inali nyengo yozizira, pamene munthu angathe kuima panja masana osapsa. M'galimoto anandifotokozera pang'onopang'ono kuti ndimve. Kwawoko, mudzi wa Abwana ndi mudzi wa Madamu ndi yoyang'anizana, pakati pali mtsinje. Amuna ambiri a midzi iwiriyi ali kuno ku Doha, ena madalaivala, ena ometa tsitsi, ena okonza magetsi. Kukazizira amapangana Lachisanu limodzi n'kusewera, mudzi ndi mudzi, monga ankachitira ali anyamata. Palibe chikho, palibe mphotho. Akatha amadyera limodzi. Timu ina ankaitsogolera ndi Abwana. Inayo ankaitsogolera ndi achimwene awo a Madamu, amene ine ndinkangowatchula kuti Amalume, potengera Safa.

Bwalolo silinali bwalo lenileni. Anali malo osamangidwa chakufupi ndi Al Asmakh, a mchenga ndi timiyala, pomwe masiku a ntchito pamaima malole. Amuna anasesa pakati n'kuimika timitengo titatu uku, titatu uko. Mpira unali waung'ono, wa tenisi, wokulungidwa ndi tepi yofiira. Amayi anayala mikeka pambali, pafupi ndi magalimoto, n'kutulutsa mafulasiki a tiyi ndi zokazinga za kwawo zonunkhira anyezi ndi tsabola. Ine anandipatsa mkeka wanga kumapeto, chapatali pang'ono, kuti phokoso lisamuopse mwana.

Amalume atafika anathamangira kwa Abwana n'kuwamenya pamimba, akunena mawu amene anaseketsa bwalo lonse. Abwana anawavula chipewa n'kuthawa nacho. Anthu a imvi, koma ankathamangitsana ngati ana a sukulu. Kenaka Amalume anabwera kudzanyamula Safa, kumuika paphewa, n'kumuuza m'Chizungu kuti nanenso ndimve: "Lero bambo ako alira. Uwasungire thewera limodzi." Madamu anaseka mpaka misozi. Ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho.

Masewerawo sindinawamvetse. Wina ankathamanga n'kuponya mpira, wina n'kuumenya ndi chithabwa, kenaka awiri n'kumathamanga uku ndi uku pakati pa timitengo tija. Ena onse anangomwazikana m'bwalo, manja m'chiuno, ngati anthu odikira minibasi. Nthawi zina ankakuwa onse pamodzi, ine osadziwa kuti chachitika n'chiyani. Timu ya Amalume ndi imene inayamba kumenya, ndipo inamenya mpaka dzuwa litafiira.

Ndinali kuimbira Safa kanyimbo kamene ndinkaimbira Mphatso, chapansipansi, pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Iwe, Chichewa chimenecho wachitenga kuti?"

Ndinatsala pang'ono kumugwetsa mwana. Anali mayi wamkulu, wathupi, wovala mpango wakuda kumutu, atanyamula thireyi ya makapu. Anati dzina lawo ndi Asiyatu, kwawo ndi ku Machinga, ndipo akhala zaka zisanu ndi zinayi akugwira ntchito kwa bambo wina wachikulire wa kumudzi kwa Amalume. Ndinawapatsa moni nditagwira chigongono, misozi ili pafupi. Kwa milungu yonse ija ndinali ndisanamve chinenero chathu kupatula pafoni.

"Usalire, akuona," anatero. "Ofu, tsiku lopuma, amakupatsa? Foni uli nayo? Ayi? Walahi, ndiwe watsopano zedi. Dikira ndigawe tiyiyu, ndibweranso."

Sanabwerenso msanga, chifukwa dzuwa linalowa ndipo masewera anaima. Amuna anapita mbali ina ya bwalo kukaima m'mizere kupemphera. Amayi, pamodzi ndi Anti Asiyatu, anapita kuseri kwa lole ina. Ine sindine Msilamu, choncho ndinatsala ndekha ndi mwana. Abwana okha ndi amene anachedwa. Ndinawaona akuthamangira kugalimoto kukatenga botolo la madzi, akusamba m'manja ndi kumaso mofulumira, kenaka n'kuthamangira kumizere anzawo atayamba kale.

Ndinangotembenuka kuti nditseke chikwama, Safa wachoka pamkeka. Ndinamupeza chapatsogolo, atakhala pafupi ndi njerwa yasimenti yosweka, silipasi ya buluu ili m'kamwa. Ndinamulanda, kumupukuta pakamwa, n'kucheuka kuona ngati Madamu aona. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti masilipasi anali ambiri. Anali atamwazikana mbali yathu yonse, imodzi apa, ina uko, ina patsogolo pake, ndipo pakati pawo panali mabotolo apulasitiki odzaza mchenga. Ndinaganiza kuti amunawa, povala nsapato zosewerera, anangotaya masilipasi awo paliponse monga achitira amuna. Ndinabereka Safa kumsana n'kuyamba kutola.

Ndinatola khumi ndi awiri, ndipo ndinavutika ndithu kupeza inzake ya iliyonse. Mabotolo ndinakataya m'bini. Masilipasi ndinakawandandalika kuseri kwa galimoto ya Abwana, awiriawiri, kuti eni ake asadzavutike pofuna. Ndikukumbukira kuti nditamaliza ndinaima n'kuiyang'ana ntchito yanga, mtima uli m'malo. Ndinkati Madamu akaona akondwera.

Mapemphero atatha, magetsi a mumsewu anali atayaka. Pakati pa bwalo panali powala, koma mbali yathu kunali kamdima, ndipo palibe amene anaona kuti pasowa kanthu. Tsopano inali nthawi yoti timu ya Abwana imenye. Phokoso linkakulirakulira. Madamu sanadziwe woti amuchemerere, mwamuna wawo kapena mchimwene wawo, choncho ankaombera m'manja onse. Kenaka bwalo linangoti zii. Ndinamva mayi wina akuuza mwana wake m'Chizungu kuti kwatsala kuponya kumodzi, ndipo pakufunika mapointi anayi. Womenya anali Abwana.

Anaumenya mwamphamvu. Mpira unadza ukugubuduzika pansi, kulunjika kwa ife. Ndinakumbatira Safa. Amalume anauthamangira ndi mimba yawo yonse ija, anadzigwetsa pamchenga n'kuugwira ndi dzanja limodzi, pamaso panga penipeni. Fumbi linandilowa m'kamwa. Timu ya Abwana inakuwa mokondwa. Ya Amalume nayo inakuwa mokondwa. Kenaka onse anasiya n'kuyang'anizana.

Poyamba zinali zoseka. Amalume anadzuka akusasa mchenga, n'kuyang'ana pansi, kumanja, kumanzere. Abwana anabwera akuthamanga, chithabwa chili m'manja, nawonso n'kuyang'ana pansi. Wina ankaloza pafupi, wina ankaloza patali. Amuna ena anayatsa tochi za m'mafoni n'kumaunika pamchenga. Ine ndinkaganiza kuti wina wataya makiyi. Anti Asiyatu anabwera kudzaima pambali panga.

"Akufuna chiyani, Anti?"

"Malire," anatero. "Bwaloli limakhala ndi malire kuzungulira. Mpira ukadutsa malire, womenya amapata mapointi anayi. Ukagwidwa usanadutse, anayiwo sapata. Ndiye popeza pano palibe mzere, amaika masilipasi ndi mabotolo. Mbali ino asowa."

Pamenepo ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinafuna kunena kanthu, koma lilime linakana.

Bambo wina amene ankapita kukatenga madzi ndi amene anawapeza. Anaitana anzake, ndipo onse anakhamukira kuseri kwa galimoto ya Abwana. Kuseka kunatha. Amalume anayang'ana masilipasi, n'kuyang'ana Abwana. Atayamba kuyankhula, mawu awo sanali aja ankaseketsa anthu. Ankayankhula pang'onopang'ono, akuloza galimoto, akuloza Abwana, akuloza mbali imene anapempherera. Abwana anaponya chithabwa pansi. Madamu analowa pakati pawo, dzanja lina pachifuwa cha uyu, lina pachifuwa cha uyo, koma palibe amene ankawamva.

"Akuti chiyani?" ndinanong'ona. Anti Asiyatu ankachimvako chinenero chawo.

"Achimwene a Madamu ako akuti pamene iwo amamenya malire analipo, koma mlamu wawo wawachotsa nthawi ya mapemphero kuti mpira wake usamavute kudutsa. Akuti anthu onse amuona akuchedwa kumzere. Akuti kuba masewera n'kochepa, koma kubera anzako akupemphera..." Anapukusa mutu. "Mawu amenewo ndi olemera, mwana wanga. Kwa anthu awa ndi olemera kwambiri."

Anapita kukasuzumira pakati pa amuna aja. Sanakhalitse. Atabwera anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa lole.

"Ndiyang'ane," anatero. Ine ndinali kuyang'ana zala zanga za kumapazi. "Ndati ndiyang'ane. Unamuonapo mwamuna akundandalika masilipasi awiriawiri, zala kuloza kumodzi? Wakuba amaponya patali. Uja ndi mzere wa wantchito wa m'nyumba. Amuna makumi awiri aima pamenepo, palibe ndi mmodzi yemwe amene waganiza, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anakonzapo nsapato m'nyumba mwake."

Ndinayamba kulira. Ndinawauza za Safa, za silipasi m'kamwa, za kukalipa kwa Madamu sabata yoyamba ija.

"Khalasi, basi, ndamva. Sunadziwe. Koma tsopano wadziwa. Uchita chiyani?"

"Anti, ndikanena andibweza kwa ajenti. Miyezi yanga yoyeserera sinathe. Ndili ndi mwana kumudzi."

"Mwina akubwezadi. Sindikunamiza ayi, ndawaona ambiri akubwezedwa pa zinthu zochepa kuposa apa." Anandikonzera nsalu imene ndinaberekera Safa, n'kutsitsa mawu. "Chaka changa choyamba ndinali m'nyumba ina ku Al Mirqab. Tinalimo awiri, ine ndi mtsikana wa dziko lina. Ndinawotcha diresi ya madamu ndi ayironi, n'kuibwezera m'kabati mobisa. Ataipeza anafunsa. Ine zii. Anathamangitsa mnzangayo. Anatuluka akulira, ine ndili pakhomo nditamugwirira chikwama. Kontirakiti ndinamaliza bwinobwino, koma mpaka lero ndikagwira ayironi ndimaona nkhope yake. Dzina lake sindinaliiwale."

Anti Asiyatu anasuzumira kumene kunali amuna aja, n'kupitiriza.

"Ndipo ndikuuze china. M'nyumba mukayaka moto, woyamba kupsa ndi wantchito. Madamu ako akakwiyira mwamuna wawo, ukali wonse udzatsikira pa iwe. Usaganize kuti ukakhala chete ndiye kuti wapulumuka. Ine sindikanena kwa munthu. Pakamwa ndi pako."

"Tiya! Yala, tiye!" Anali mawu a Madamu. Abwana anali ataliza kale galimoto. Anti Asiyatu anandisisita patsaya n'kupita kukatola makapu awo.

Tinalowa m'galimoto n'kunyamuka. Madamu ankalira chapansipansi, nkhope atalozetsa pawindo. Mphika waukulu wa mpunga wa nyama, umene anauphika kuyambira m'mawa kuti matimu onse awiri adye, unabwerera wosavundukula. Ndinaunyamula ndekha kukwera nawo m'nyumba, ukadali wofunda. Kangapo konse panjira ndinatsegula pakamwa. Ndinkati tikadutsa maloboti awa ndinena, tikadutsa awa ndinena. Tinafika ku Al Sadd ndisananene.

Tisanadye n'komwe, foni ya Madamu inalira. Anali mayi awo, kuchokera ku India. Nkhani inali itafika kale kumidzi iwiri ija. Kenaka inalira ya Abwana, n'kuliranso. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo ndinamva mawu akukwera, a mwamuna ndi a mkazi. Madamu atatuluka, maso ali psuu, anandipeza ndikumwetsa Safa mkaka. Anandikalipira kuti botolo latentha kwambiri. Silinatenthe. Ndinati pepani, n'kukumbukira mawu a Anti Asiyatu. Chakudya chamadzulo palibe amene anachikhudza.

Zaka zapitapo tsopano, ndipo pali chimene ndimamvetsa lero chimene madzulo aja ndinkachiona mwa apo ndi apo. Kutola masilipasi sikunali kulakwa kwakukulu. Ndinachita chimene ndinaphunzitsidwa, pamalo pamene sindinkadziwa malamulo ake, ndipo mlendo aliyense zimamuchitikira. Kulakwa kunayamba pamene ndinadziwa n'kutseka pakamwa. Kwathu amatiphunzitsa kuti mwana wamkazi wakhalidwe amayang'ana pansi ndipo salowerera akulu akamayankhula. Ine ndinabisala m'khalidwe limenelo. Ndinkadziuza kuti ndi ulemu, chikhalirecho anali mantha. Munthu wachete amaoneka ngati sapweteka aliyense, mpaka iye mwini amakhulupirira choncho. Koma kukhala chete kwanga kunasandutsa munthu wosalakwa kukhala wakuba pamaso pa midzi iwiri, ndipo kunalekanitsa mkazi ndi mchimwene wake. Mphatso tsopano ali pasukulu, ndipo manyazi anatengera ine. Aphunzitsi akamufunsa amayang'ana pansi. Sindimukakamiza kukhala wolongolola. Ndimangomuuza pafoni kuti chimene akudziwa yekha, chimene chingapulumutse mnzake, azichinena ngakhale mawu akunjenjemera.

M'mawa mwake, Loweruka, ndinadzuka kusanayere bwino. Ndinapemphera. Ndinalongedza zovala zanga zonse m'chikwama n'kuchiika kuseri kwa chitseko, kuti akandiuza kuti tiye ku ofesi ndisachedwetse anthu. Ndinakonza tiyi monga mwa masiku onse. Abwana ndi Madamu anakhala patebulo, aliyense akuyang'ana kapu yake. Popeza ndinkadziwa kuti Chizungu chindithawa, ndinatenga masilipasi awiri pakhomo. Ndinalowa nawo n'kugwada pafupi ndi tebulo.

"Abwana, ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri, mpaka ndinabwereza. "Masilipasi aja ndinachotsa ndine."

Pamene mawu anandithera ndinagwiritsa ntchito manja. Ndinaloza Safa, ndinaloza pakamwa, ndinaonetsa mmene ndinatolera ndi mmene ndinandandalikira. Ndinati sindinkadziwa kuti ndi malire. Madamu anagwira pakamwa. Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Unadziwa dzulo lomwe?" anafunsa Madamu. "Unandiona ndikulira njira yonse, osanena?"

"Ndimaopa, Madamu. Ndimaopa ku ofesi."

Abwana anatenga foni yawo, anadina, n'kuiika patebulo kuti tonse tizimva. "Uwauze wekha," anatero. "Ndikanena ine sakhulupirira."

Foni inaitana kasanu. Amalume anayankha ndi mawu ouma. Ine, amene ndinali ndisanayankhulepo nawo kupitirira moni, ndinayenera kufotokoza zonse kachiwiri, tsopano popanda manja ondithandiza. Ndinaphatikiza mawu mmene ndinathera: mwana, silipasi, m'kamwa, mapemphero, galimoto.

"Tiya," anatero Amalume nditamaliza. "Silipasi ya buluu ndi yanga. Unaipeza pati?"

"Pa njerwa yosweka, Amalume."

"Nanga mpira ndinaugwirira pati? Unali pomwepo iwe. Unaona."

Funso limeneli sindinaliyembekezere. Ndinakweza maso. Abwana anali akundiyang'ana, kapu ili m'manja. Ndikanatha kunena kuti kunali mdima, kapena kuti ndinali kuteteza mwana, ndipo palibe akananditsutsa. Amene ankasunga ntchito yanga m'manja mwawo anali pamaso panga, ndipo yankho limene ankalifuna ndinkalidziwa.

"Mpira sunafike pa njerwa," ndinatero. "Panatsala mapazi awiri."

Pafoni panamveka phokoso, ngati munthu akutsamwa. Kunali kuseka. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka kusekako kunaleka, ndipo anayamba kuyankhula chinenero chawo, motsitsa, mawu akudukaduka. Abwana ananyamula foni n'kutuluka nayo pakhonde, n'kutseka chitseko chagalasi. Ndinkawaona akumvetsera, akusisita chipumi. Madamu ankayang'ana msana wa mwamuna wawo. Ine ndinali chigwadire, mawondo akuwawa pamatailosi ozizira, ndikudikira kuti andiuze.

Abwana atalowa anaika foni m'thumba n'kuima patsogolo panga. Nkhope yawo sinkaonetsa kanthu.

"Mapazi awiri," anatero. "Umadya m'nyumba mwanga, koma sunathe kuchotsako ngakhale phazi limodzi?" Anapukusa mutu n'kutembenukira kwa Madamu. "Achimwene ako akubwera. Akuti ali ndi mawu oti anene pamaso, ndiponso akufuna mpunga wawo wa dzulo."

Madamu anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anandiyang'ana, ndipo ukali unali usanathe wonse.

"Dzuka, m'nyumba muno sagwada," anatero. "Ulendo wina ukalakwitsa, unene nthawi yomweyo, wamva? Tiyiyu wazizira. Kawiritse wina, uonjezere kapu."

Ndinapita kukhitchini n'kuteleka madzi. Madzi asanawire, ndinalowa m'kachipinda kanga, ndinatsegula chikwama, n'kubwezera zovala zanga m'kabati.